Malaibulale Awiri M'nyumba Imodzi

Ku koleji ndinachokako maphunziro ali pakati, ndipo zimene ndinabwera nazo kwathu ku Natuseko zinali laputopu, bulangeti la mnzanga, ndi kalankhulidwe ka munthu amene anamaliza. Amama sanafunse zambiri. Anangondipereka kumpingo, monga mmene anthu amaperekera mpando wogwedera: mwina wina aupezera ntchito.

Ntchito inapezeka. Ndinalemba kapulogalamu koonetsa mawu a nyimbo pakhoma, kuti azimai a chigwirizano asamalimbirane mabuku. Pulogalamu yotere sumaimanga wekha kuyambira pansi. Pali zida zopangidwa kale zojambulira mawindo ndi mabatani, ndipo zidazo zimayenda ndi malaibulale, tizidutswa tolembedwa ndi anthu ena timene pulogalamu imaitana ikamadzuka. Nditamva kuti kwatuluka zida zatsopano, za mabatani ozungulira m'makona, ndinazithira pamwamba pa zakale. Malangizo sindinawerenge. Munthu wa maphunziro anga sawerenga malangizo.

Tsiku lotsatira masana azimai anasonkhana kukonzekera nyimbo za ukwati, amama ndiwo akutsogolera. Ndinadina. Windo linatseguka, linayang'ana mpingo, n'kudzitseka lokha. Ndinadinanso. Ulendo uno silinavutike n'kutseguka komwe.

“Ni chani futi, ba injiniya?” anatero amai ena, a pampando a chigwirizano, atavula magalasi. “Yasila bando ya intaneti?”

Vuto ndinalipeza msanga, ndipo kulipeza msangako n'kumene kunandipweteketsa, chifukwa ndinakondwa. Laibulale yakale inali idakali pamalo pake, yatsopano yakhala pambali pake, dzina limodzi, msinkhu wosiyana. Ndinaimirira, ndinakonza kukhosi ngati mkulu wa mpingo wolengeza za maliro.

“Azimai, nkhani ni ya mitala. Mu kompyuta umu munali laibulale imodzi, yankhala zaka, idziwa pali chilichonse. Ine nabweretsa ina yatsopano osauzako yakale. Manje pulogalamu ikaitana ati ‘amama!’, onse awiri ayankha. Uyu apatsa poto, uyu apatsa chivindikiro cha poto ina. Mwana angogwa pansi.”

Ndinadikira kuseka. Kunamveka kamodzi kumbuyo, kenako kunasanduka chifuwa.

Atate anga amagwira ntchito kunjanji. Zaka zapitazo mashifiti awo anayamba kutalika, ndipo shifiti yowonjezerayo inali ndi nyumba ku Railways, makatani abuluu, ndi ana okhala ndi makutu onga anga. Kwathu tinkaitcha ovataimu. Mpingo wonse unkadziwa, ndipo mpingo wonse unkathandiza amama kusadziwa. Ntchito imeneyi mpingo unaigwira mokhulupirika kufikira masana amenewo, pamene mwana wa amama weniweniyo anaima kutsogolo n'kufotokoza ovataimuyo ndi manja.

Amama anali kuyang'ana chikuto cha buku lawo. Atadzutsa mutu anandilankhula mwaulemu, ngati mlendo, zimene anali asanachitepo chibadwire changa.

“Ndiye muchotsa uti?”

Yankho limene linafika pakamwa linali lakuti nthawi zambiri timachotsa yakale. Ndinalimeza.

“Sitichotsa aliyense, amama. Mapulogalamu ena akali kudalira yakale. Yatsopano tiipatsa foda yake, na zinthu zake zonse mwamene umo. Zisamakumane.”

“Aliyense nyumba yake.”

“Inde.”

“Ehe,” anatero. “Koma muziyamba mwauzako wakaleyo.”

Anatembenuka n'kuyambitsa nyimbo pamtima, ndipo azimai anailandira mofuula kuposa mmene nyimboyo imafunira. Ine ndinabisala kuseri kwa sikirini. Ndinasamutsira zida zatsopano mufoda yakeyake pamodzi ndi malaibulale ake, ndinauza pulogalamu kuti iziitana momwemo basi, ndinalembanso kuti ikufuna msinkhu uti, kuti mawa isadzangotenga wina aliyense woyankha. Mawu anaonekera pakhoma pa ndime yomaliza. Palibe anayang'anako.

Pobwerera tinayenda pansi, iwo patsogolo, ine pambuyo. Pafupi ndi nyumba anaima n'kundipatsa chikwama chawo kuti ndinyamule, ndipo ndinachilandira ndi manja awiri.

Masiku ano chatsopano chilichonse ndimayamba ndachiyesa pambali, kutali ndi zimene zikugwira kale ntchito, ndipo wondifunsa za malaibulale ndimamuyankha za malaibulale. Mabatani aja ndi ozunguliradi m'makona. Pa ukwati palibe anazindikira.