Tsiku limene tinaonera dzuwa m'mutu mwa amayi

Lachinayi, mwezi wa Juni. Ndadzuka thupi lili lopepuka ngati ndikadali m'maloto, koma pamtima pakulemera. Phiri la Michesi silinkaoneka, nkhungu yokhayokha.

Amayi anali chigonere, nkhope kukhoma. Chiwachotsereni bere chifukwa cha khansa, sayankhula, saimba, phala amangolitakasa ndi supuni. Lolemba akuyenera kubwerera ku Blantyre kukalandira mankhwala, koma akuti sapita. "Ndikatani? Ndisiyeni."

Mwezi watha mutu unkawapweteka, ndiye adokotala anawalowetsa m'makina ojambula m'mutu. Tinabwerako ndi envulopu yaikulu, m'kati muli chithunzi chakuda cha pulasitiki, tiubongo tondandalika ngati papaya wodulidwadulidwa. Adokotala anati matenda sanafike kumutu. Malume atamva anati, "Basitu achemwali, mutu uli bwino. Dzukani, nandolo wayamba maluwa." Kuyambira pamenepo anthu amati amayi akungochita dala.

Ine ndimatenga chithunzicho mobisa n'kuchiimika pazenera. M'buku lathu la sayansi ubongo uli ndi timivi, apa poonera, apa pomvera. Ndimafunafuna pamene pamakhala chisoni, mwina kadontho, mwina kamtambo. Nthawi zina ndimadziona nditavala choyera, ndikuloza ndi pensulo kuti, nachi. Sindinapapezebe.

Lero kusukulu anatiwerutsa msanga chifukwa cha kadamsana. Aphunzitsi anati tisayang'ane dzuwa. Kumudzi ndinapeza ena atunga madzi m'beseni, ena akudetsa zidutswa za botolo ndi utsi. Malume atandiona anakuwa, "Iwe, katenge mutu wa amayi ako!"

Anthu anayamba kulandirana chithunzi chija, n'kumaonera dzuwa. Amayi a nyumba yoyandikana anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Taonani, dzuwa lalowa m'mutu mwa anzathu!"

"Mukutani ndi mutu wanga?"

Anali amayi anga, ataima pakhomo, atafunda chitenje, atakwiya ndithu. Ndinakondwa kumva mkwiyowo. Malume anawapatsa chithunzi ndi manja awiri. "Taonaniko nanu, eni ake."

Anachikweza pang'onopang'ono. Dzuwa linali litatsala ngati kachikhadabo, pakati penipeni pa ubongo wawo. Kunja kunachita mbuu, mphepo inazizira, nkhuku zinayamba kulowa m'khola. Palibe anaseka.

Amayi anayankhula motsitsa, m'Chilomwe, ngati akundiuza ine ndekha. "Umu ndi mmene mulili m'katimu, mwananga. Si usiku, si usana. Dzuwa lilipo, koma silitentha."

"Munawauza adokotala?" ndinafunsa.

"Sanandifunse. Anafunsa za bala."

Zopita Lolemba sanavomere. Koma sanabwerere kukhoma. Anakhala pakhonde mpaka nkhuku zinatulukanso, chithunzi chili pamiyendo pawo, ndipo anakana kubwereka wina aliyense.

Mpaka pano ndikatsinzina ndikuona kadontho kobiriwira kakuyandama. Aphunzitsi ankanena zoona, pulasitiki ija siteteza maso. Koma kadonthoko ndikukakonda.

Mawa ndilawirira kwa aphunzitsi aakulu kukapempha kuti Lolemba ndijombe. Ndikawauza amayi kuti sapita okha, ndipita nawo. Ndipo adokotala akakayamba kufunsa za bala, ndikawauza mawu a amayi aja monga anawanenera, kenako ndikafunsa ngati mdima wosaoneka pachithunzi ulinso ndi mankhwala.