Bikoni Pansi pa Bedi

Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma za malire a puloti musandiphunzitse. Ndinaziphunzira ndili ndi zaka teni ku komboni ya Ndeke, ku Ndola, ndipo ndinaziphunzira ndi misozi.

Bambo anga anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito ya mgodi. Anali mkulu wa mpingo, koma sankakhulupirira munthu aliyense, makamaka ba Mulenga, amene tinagundana nawo puloti. Kuseri kwathu, kufupi ndi malire, bambo anakumba chitsime chifukwa madzi a pampopi ankavuta. Chapatali pang'ono, pakona, panali bikoni, kamwala kasimenti kokhala ndi chitsulo pakati, kamene boma linakwirira posonyeza pothera malo athu.

Tsiku lina ndinaona ba Mulenga ali pakonapo ndi khasu. Iwo akuti ankalimira kalembula, masamba a mbatata aja. Kalembula wanji womera pasimenti? Ndinathamanga kukanena. Bambo anangogwedeza mutu.

"Akufuna ausunthe mwalawo pang'onopang'ono mpaka chitsime chigwere kwawo. Tenga piki."

Tinaukumba masanasana, ba Mulenga ali kumsika. Unali wolemera, wonunkha dothi lonyowa. Tinaukulunga m'saka n'kuulowetsa pansi pa bedi, ndipo pamalo pake bambo anazikapo nthambi ya nkhadze, monga amachitira kumudzi. Ine ndinkayenda chotukumuka, ndikuti tawachenjerera.

Kunagwa mvula, nkhadze inaola, mbuzi zinapondaponda. Kenaka ba Mulenga anafuna kumanga mpanda, n'kuitana woyeza malo wa ku khonsolo. Anabwera mnyamata wovala nsapato zazikulu, atanyamula makina a miyendo itatu. Atangotsika galimoto anapatsana moni ndi ba Mulenga m'Chibemba, akuseka, n'kumwa madzi kwawo. Bambo anandikodola. "Waona? Agulana kale."

Woyezayo anafufuza pakona ndi chitsulo, osapeza kanthu. "Ba tata, apa panali bikoni. Ili kuti?"

Bambo analowa m'nyumba n'kutuluka ndi saka lija, n'kulitula pamapazi pake monyadira. "Nayi. Ndinaisunga bwino, palibe waigwira."

Ba Mulenga anawomba m'manja. "Mwe bantu! Ba Phiri, malire mumagona nawo?"

Anthu a m'mbali anaseka mpaka ena kukhala pansi. Woyezayo sanaseke. Anati bikoni ikachoka pamalo pake imasanduka mwala wamba, ndipo kuizula ndi mlandu, koma sawatengera kupolisi chifukwa cha imvi zawo. Kenaka anatisiya n'kupita kumsewu. Anafukula bikoni ya nyumba yachitatu, ina ya kutsidya, inanso ya pakona ya msewu, akusuzumira m'makina mwake, mnzake amene anabwera naye atagwira ndodo yamizeremizere. Ine ndinkamutsatira phazi ndi phazi kuti ndione pamene abere. Ndinamufunsa chifukwa chake akuvutika ndi mapuloti a eni.

"Mwaice, mwana iwe," anatero, "mwala umodzi sindiukhulupirira. Ndimafunsa anzake."

Atabwerera anakhoma chikhomo, n'kukoka chingwe mpaka kutsogolo. Chingwecho chinadutsa mbali yathu ya chitsime. Chitsime chonse chinagwera kwa ba Mulenga.

Bambo anakuwa kuti mwala sunali pamenepo, unali uko! Woyezayo anangoti, "Ndionetseni dzenje lake." Tinayang'ana pansi. Matope okhaokha. Mayi anakhala pakhonde n'kufunda chitenje kumutu. Kuyambira sabata imeneyo ine ndi amene ndinkapita ndi ndowa kukagogoda pageti, "Odi, tingatungeko?", pachitsime chimene bambo anga anakumba ndi manja awo.

Musandifunse ngati woyezayo anadya kanthu. Ine mpaka lero ndimamukayikira, ndipo khasu la ba Mulenga lija sindinalikhululukire. Mwina chitsime chinali kwawo kuyambira kale, mwina ayi. Chimene chimandiwawa n'chakuti mboni yathu inalipo, imodzi yokha, yosadya chiphuphu, ndipo tinaichotsa tokha pamalo pamene ikanatiyankhulira.

Ana anga amati ndimalongolola. Eya, ndimalongolola! Panopa ndili ndi puloti yanga ku Masala, ku Ndola. M'mawa uliwonse ndimazungulira makona anayi ndi ndodo, ndipo woyeza akabwera ndimamuperekeza mpaka pabikoni za aneba, ndikuyang'ana manja ake. Kukayikira munthu sindinasiye ndipo sindidzasiya. Koma mwala wa pakona, ngakhale mdzukulu wanga akhalepo pokazinga chimanga, ndimamuuza kuti: khala, koma usaugwedeze.