Gofu wa Kudimba

Bodza langa ndi lakale, lili ndi imvi ngati ine. Pa Domwe pano aliyense amadziwa kuti ndili mnyamata ku Halale ndinkamenya gofu ndi azungu. Zoona zake, ndinkatchetcha udzu wa pabwalo lawolo. Ndodo ya gofu ndinaigwirapo kamodzi, poitola m'ngalande.

Chaka chatha mwana wanga wamkazi anabwera pa feriya, tchuthi chawo, ndi mwamuna wake, amene amagwira ntchito pa kampani ya malole ku Beira. Munthu wofatsa, manja osalala ngati mbatatesi yosenda. Anakhala pansi chapatali, chipewa m'manja.

"Bambo, ndamva kuti gofu mumamudziwa. Ashefi, abwana athu, andiika m'timu ya kampani, koma dzanja langa n'lochedwa, kabola, kampira kaja, sikapita patali. Akuti ndikapanda kusintha aika wina."

"Si aike winayo?"

"Amene amayenda ndi ashefi pabwalo ndi amene amakwezedwa, bambo."

Apa ndikanangonena zoona. Koma maso anga anagwera kudimba, kumene udzu unali wolekeza m'khosi, ndipo mkamwini ameneyu chikwatirireni anali asanandilimireko ngakhale mzere umodzi. Ndinalowa m'nyumba n'kutuluka ndi chikwakwa.

"Azungu aja liwiro sankalitenga m'mikono ayi, ankalitenga m'chiuno. Potozani chiuno, mapewa atsatire, mkono ubwere pomaliza. Chikwakwa chikayamba kuimba mluzu, ndiye kuti mwafika."

Anatchetcha masiku asanu, ine ndili pansi pa mtengo wa pichesi kukuwa, "Chiuno, akamwini, chiuno!"

Akazi anga anandikoka malaya. "Inu, opani Mulungu. Gofu wake uti wa m'dambo?"

"Khalani chete mayi, maphunziro awa."

Matuza anaphulika m'manja mwa mkamwini, iye osadandaula. Mkamwini satsutsa apongozi. M'mawa wotsatira ndinamupeza atagwada mu udzu, msana utagwira, akulephera kuweramuka. Kuchipatala tinapita naye pa ngolo. Ku Beira anabwerera atagona kumbuyo kwa galimoto. M'timu anaika wina, ndipo winayo ndi amene anakwezedwa.

Patapita mwezi ndinamuimbira foni mkamwiniyo kuti ndiulule, koma anandiyambirira.

"Bambo, mundikhululukire, ndakuchititsani manyazi. Inu munkati chiuno, ine n'kumakakamira mikono. Ndikachira ndibwera mudzandiphunzitsenso."

"Mm, mubwere," ndinatero.

Mwana wanga analanda foniyo. "Ababa, amayi andiuza zonse. Mumuuza nokha kapena ndimuuze ine?"

"Mpatse."

Ndinamuuza zonse, za udzu wa ku Halale ndi za udzu wanga. Nditamaliza anangoti:

"Zikomo bambo, ndamva."

Mpaka lero amaimba Lamulungu lililonse. Amandipatsa moni mwaulemu wonse, amafunsa za mvula ndi za mawondo anga. Koma sanandifunsenso nzeru pa kanthu kalikonse, ngakhale za mbewu ya nyemba, zimene ndimadziwadi.