Nkhani ya dzanja la amayi inatsala pa benchi

Zipatala zitatu m'sabata imodzi, ndipo mpaka pano palibe wandiuza motsimikiza ngati amayi anga anachita sitiroko kapena ayi. Pepani anthu a m'gulu lino, ine si munthu wolembalemba. Kumudzi anatiphunzitsa kusatsutsana ndi munthu wovala zoyera. Koma lero lokha mundilole.

Ndine Lazalo. Ndimakhala kwa azakhali ku Kabwata mu Lusaka, ndipo ndimathandiza kugulitsa nsalu m'sitolo ina ku Kamwala. Amayi anabwera kuchokera kumudzi ku Katete kudzationa. Lolemba m'mawa tikumwa tiyi, kapu inawapulumuka. Anati aitole, dzanja lamanja silinamvere. Linangolendewera. Pakamwa panapotokera mbali imodzi, mawu akutuluka ngati a munthu woledzera, chonsecho amayi mowa sanaulawepo chibadwire. Azakhali anali atapita kale kuntchito. Amene anaona zonsezi ndine ndekha.

Tili m'takisi, dzanja linayamba kubwerera. Pofika ku kiliniki ya kufupi ndi kwathu, zala zinali zikugwira bwinobwino ndipo mawu anali atawongoka. Pakamwa pokha ndi pomwe panatsala popendekeka.

Pakhomo la chipinda cha dokotala panali nesi. Anatchinga ndi mkono.

"Odwala yeka. Imwe nkalani pa benchi."

Amayi nawonso sanachedwe kuvomereza. Anandinong'oneza kuti mwana wamwamuna salowa kumene mayi ake akupimidwa, nanga akawauza kuti amasule bulauzi? Ndinakhala pa benchi ngati mwana womvera.

Sanachedwemo. Anatuluka ataphimba pakamwa ndi nsonga ya chitenje, mapilisi ali m'manja. Anati adokotala anena kuti ndi bipi chabe, achepetse mchere. Ndinafunsa ngati anawayang'ana kunkhope. Amayi anati adokotalawo amayang'ana pa kompyuta, iwo amayang'ana pansi monga mwa ulemu. Tsono ndifunse, m'chipindamo amene amayang'ana wodwala anali ndani? Khoma?

Madzulo azakhali atawaona pakamwa anati ayi, bipi sipotoza munthu chonchi. Lachiwiri ananditumiza nawo ku kiliniki yolipira ku Woodlands, kumene kuli maluwa pakhomo ndi wailesi yakanema yoonera podikira. Ndinati apa ndiye andimvera. Lamulo linali lomwe lija, kungoti linanenedwa m'Chingerezi ndi kumwetulira. Benchi yake inali yofewa, zimenezo ndivomereze.

Adokotala a kumeneko anatuluka nawo okha amayi. Anandiuza akuyenda m'khonde kuti imeneyi ndi sitiroko, pakufunika kujambula m'mutu msanga, koma makina awo anafa ndipo chitsulo chake akudikira kuti chichokere kunja. Anati tipite ku chipatala cha ku Kabulonga. Ndinatsegula pakamwa kuti, "Pepani adokotala," koma chitseko chinali chitatsekeka kale, wodwala wina ali m'kati.

Amayi Chingerezi sadziwa, koma liwu loti sitiroko analimva. M'minibasi anayamba kugawa mbuzi zawo. Yakuda kwa mlongo wanga, ya bere kwa amalume, ine anandipatsa tonde wopunduka uja chifukwa akuti m'tauni sindingamusamale. Kondakitala anamva n'kufunsa ngati palibe yotsala. Amayi anaseka ndi theka la pakamwa. Ine kuseka kunandikanika.

Lachitatu tinali ku Kabulonga. Mtengo wa sikani sindiutchula, ndingoti azakhali akaukumbukira amausa moyo. Amayi anawalowetsa m'makina amene iwo anawatcha uvuni wa buledi. Kenako analowa kwa adokotala, okha, ine pa benchi yachitatu. Adokotala ake anali achitsikana, aulemu ndithu. Anatulutsa mutu pakhomo n'kundiuza kuti chithunzi chatuluka choyera, m'mutu mulibe kanthu. Anati ndi mtsempha wa kunkhope umene wafooka, zimachitika ndipo zimatha zokha. Anapereka mapilisi ena, n'kunena kuti amayi atha kubwerera kumudzi.

Tisanafike pamsewu, amayi anali atalanda kale mbuzi zawo zonse. Anati Loweruka akwera basi, mvula yayamba, nsawa sizidzibzala zokha.

Ndinasangalala, sindikana. Koma mtima sunakhale pansi. Sukulu yanga ndi ya kumudzi, komabe ndinadzifunsa kuti mtsempha wa kunkhope ungagwetse bwanji kapu m'dzanja? Tili m'minibasi ndinawafunsa amayi kuti nanga za dzanja adokotala anena chiyani.

"Dzanja liti? Si ili likugwira?"

Ndinafunsanso bwinobwino. Ku Kabwata sanatchule. Ku Woodlands sanatchule. Ku Kabulonga sanatchule. Za mawu olobodoka aja, chimodzimodzi. Anati munthu sadandaula chinthu chimene chapola kale, n'kutayitsa nthawi anthu otanganidwa, pamene pamzere pali odwala enieni. Akafunsidwa chawabweretsa, amangochotsa chitenje pang'ono, kuonetsa pakamwa, n'kuphimbanso. Ndipo mwa onse atatu aja, palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti zinayamba bwanji, kapena kuti analipo ndani. Amayi anga ndimawadziwa, ndi momwe analeredwera. Nanga inu a zipatala, azimayi a kumudzi mukuwaona koyamba?

Lachinayi ndinapempha tchuthi china kuntchito, tinabwerera ku Kabulonga. Nesi wa pakhomo anayamba nyimbo yake yomwe ija. Koma ine ndinati ndilowa. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato.

"Manje imwe, simumvela? Tiitane alonda?"

Ndinayankha kuti awaitane, koma amene anaona matenda akuyamba ndine, ndipo akafuna kuwavula amayi ine nditembenukira kukhoma. Amayi amandikoka malaya, akunong'ona kuti ndikuwachititsa manyazi pa anthu. Ndinalowabe.

Nditafotokoza za kapu, dzanja ndi mawu, adokotala achitsikana aja anaika cholembera pansi. Anawauza amayi kuti achotse chitenje, akweze manja onse awiri, akwinye pamphumi, aonetse mano. Zonsezi sizinatenge nthawi yoposa yomwera kapu ya tiyi. Kenako anatuluka n'kubwera ndi adokotala ena achikulire.

Awiriwo anayamba kutsutsana m'Chingerezi pamaso pathu, ngati ife ndi mipando. Zina ndinatolako. Achikulire amati ikhoza kukhala sitiroko yaing'ono imene imabwera n'kudutsa, imene nthawi zina makina aja saiona, ndipo imakhala chenjezo la yaikulu. Achitsikana amati pakamwapo pakuonekabe ngati mtsempha wa kunkhope, mwina dzanjalo ndi nkhani ina. Atatopa, achikulire aja anatembenukira kwa ine n'kufunsa chifukwa chake sindinanene zimenezi Lolemba, poti matenda otere amafuna changu.

Ndikanauza ndani? Benchi?

Zimenezo ndinayankha mumtima. Pakamwa panatuluka "pepani". Ndinapepesa, anthu inu. Ine amene ananditsekera panja katatu.

Ndinalimba mtima n'kufunsa kuti tsono tinene kuti ndi sitiroko kapena ayi, poti kunyumba akandifunsa. Anayang'anana. Yankho linali "mwina". Anati pakufunika kujambulanso ndi makina ena aakulu komanso kupima mtima, ndipo malo apezeka mwezi wamawa. Anasintha mapilisi, ena kuchotsa, ena kuwonjeza. Pa chinthu chimodzi chokha anagwirizana: amayi asapite kutali ndi chipatala, ndipo zikangoyambanso tithamange nawo nthawi yomweyo, ngakhale zitaoneka kuti zapola.

Kusadziwa sindikuwaimba nako mlandu. Thupi la munthu si nsalu yoti uyeze ndi tepi, zimenezo ndikumvetsa. Akanandiuza "mwina" Lolemba atamva nkhani yonse, ndikanalandira ndi manja awiri. Chondipweteka n'choti aliyense analankhula motsimikiza atamva theka. Wina anatitumiza kukachepetsa mchere. Wina anagawitsa mbuzi. Wina anatsala pang'ono kuwakweza basi.

Tsono inu oyendetsa zipatala za mu Lusaka, ndikufunsa mwaulemu, ndipo ndikufuna yankho. Lamulo la wodwala yekha lili ndi chifukwa chake, sindikutsutsa. Koma n'chiyani chikuletsa nesi kufunsa pakhomo kuti amene anaona ndi ndani? Mawu amenewo amalipiritsa? Kapena nawonso akudikira chitsulo chochokera kunja?

Ndi inu anzanga amene muli ndi makolo ochokera kumudzi, mukaona pakamwa papotoka, dzanja lagwa kapena mawu alobodoka, musadikire. Pitani nawo, ndipo lowani nawo. Akakuletsani, imani pakhomo munene zimene munaona, mokweza. Makolo athu akadzasiyidwa okha adzanena kuti ali bwino, n'kuthokozanso.

Kunyumba amayi sanandilankhule Lachisanu lonse. Anauza azakhali kuti tauni yandiwononga, ndayamba kuyankha anthu aakulu. Loweruka m'mawa ndinapeza chikwama chili pakhomo, iwo atamanga duku. Anati madokotala eni akewo sakudziwa, ndiye iwo akhalire chiyani pamene anzawo akubzala?

Ndinagwada pafupi nawo. Ndinawauza kuti inenso sindikudziwa, ndipo mwina alibe kanthu. Koma ngati achikulire aja akunena zoona, n'kudzayambanso ali kumunda, kuchipatala adzapita pa ngolo, ndipo ng'ombe za amalume amazidziwa mayendedwe ake. Ndinati ndiwaimbira amalume abzale nsawazo, mbewu ndigula ine.

Kenako anamasula duku, n'kundiuza kuti ndibweze chikwama m'chipinda.

"Ndikhala mpaka andijambule. Koma tsiku limenelo ulowe nane. Ine ndikawaona anthu aja mawu amandithawa."