Mizere ya alamu anga

Dzulo ndinawatchera msampha alamu anga, a Fernando, ndipo musayembekezere kuti ndipepesa.

Angobwera kumene pachikamwini kwathu kuno ku Ntengo-Wambalame, ndiye akufunitsitsa amayi aone kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi mlesi. M'mawa, ola loyamba lokha, anapanga mizere khumi m'munda wa mbatatesi.

"Alamu, inu ndinu thirakitala!" ndinatero. "Ola limodzi, dez, mizere khumi. Maola asanu ndi atatu, oitenta, makumi asanu ndi atatu. Munda wonsewu! Masamu a kusukulu amenewo."

Anamwetulira, osakana. Ine liwiro kwa amayi: "Akamwini anu akuti pofika madzulo munda watha."

Amayi anakaiponya nkhaniyo pachitsime. Basi, mudzi wonse unamva.

Poti tili pa férias, tchuthi cha kusukulu, ndinakhala pachulu n'kumawerenga. Patatha maola awiri, mizere inali 18. Gawani pawiri: nove, isanu ndi inayi, pa ola. Patatha maola anayi, 24. Gawani panayi: seis, isanu ndi umodzi, pa ola. Mwaona?

Chimene sindinawauze ndi chija pulofesola, mphunzitsi wathu, amatikalipira nacho: usanachulukitse, yamba wagawa. Ngati za pa ola limodzi zikutuluka zomwezo nthawi zonse, zinthuzo zikuyendera limodzi, chulukitsa mosaopa. Zikamasintha, leka. Mbewu imamvera lamulolo: mizere yofanana imadya mbewu yofanana. Msana wa munthu ayi.

Koma kodi ndi alamu okha? Tonse timatero. Mkamwini timamuyeza ndi ola la m'mawa, dzuwa lisanakwiye. Mwana akakhoza prova imodzi, mayeso amodzi okha, tayamba kale kumutchula dotolo. Fodya akachita bwino chaka chimodzi, abambo ena awerengera kale khola la ng'ombe.

Dzuwa likupendeka, alamu anali asanafike ndi theka lomwe, manja ali matuza okhaokha, akukana kukadya chifukwa cha manyazi. Apa mtima unandiwawa pang'ono. Pang'ono chabe.

Amayi anaima chapatali, mwaulemu wa apongozi, n'kulankhula ndi ine mokweza kuti mwini wake amve.

"Kawauze bambowo aweruke. Malemu atate ako munda uno ankautha masiku atatu, n'kumadzitama mwezi wonse. Ndipo iwe wamasamuwe, mawa khasu lachiwiri ndi lako. Tione dez yakoyo."

Alamu anaponya khasu pansi n'kuseka mpaka misozi.

Lero ndadzuka ndi chifuwa choopsa, koma palibe akuchikhulupirira. Ndiye tandithandizani, inu odziwa kugawa: munthu wodwala chonchi amayenera mizere ingati pa ola?