Msonkhano wopanda wapampando, Tadala wayankhula

Moni nonse. Ndangotsika tekisi kuno ku Tlaseng, zimene ndaona lero sizingadikire mawa.

M'mawa ndinaperekeza mwana wanga Tadala ku Rustenburg, kumsonkhano wa anthu opanga mapulogalamu a kompyuta. Ndimati ndikangomusiya pakhomo, koma iye anati, "Bambo lowani, pano sabweza munthu."

Abale inu, msonkhano wake wopanda wapampando! Mipando anaiika mozungulira, khoma lili mbee. Mayi wina anangonena kuti aliyense amene ali ndi nkhani ailembe papepala, amate pakhomapo, ofuna kumva amutsatire. Ukaona kuti sukupindula, umanyamuka mnzako ali mkati moyankhula, ndipo palibe wokwiya. Ine amene kumgodi sindinkasuntha phazi kapitawo asananene, ndinangoti kukamwa yasa.

Kenaka ndikuona Tadala waimirira. Tadala yemweyu, amene timati sayankhula. Pepala lili m'manja, akuti akufuna akambirane za mapulogalamu a pafoni oti madala ngati bambo ake, osadziwa Chingerezi, azitha kugwiritsa ntchito. Ine ndimati akhala yekhayekha pakona.

Anthu anayamba kukoka mipando kupita kwa iye, ena aimvi ngati ine ndemwe. Anafotokoza, anatsutsana nawo, mpaka kuwaseketsa. Khomo linali lotsegula, koma palibe amene ananyamuka.

Amalume ake, azakhali ake, tandiuzani. Mwanayu ndi wosayankhuladi, kapena pamisonkhano yathu yabanja ndife amene sitinamupatsepo mpata?