Anti Yunike ndi Mafayilo Okana Kufufutika

Anti Yunike anakulira pafamu, koma lero amakonza mafoni ndi makompyuta m'kontena ku Chiwaridzo. Khalidwe lawo ndi lodziwika: safufuta kanthu mwiniwake asanaone ndi maso kuti zake zilipo.

Ndinathamangira kwa iwo mwana wanga Kundai ali kumbuyo, mtima uli m'mwamba. Magetsi anathima ndikukopera zithunzi zake pa fulashi, laputopu yanga yakufa batire n'kuzima. Mafayilo otsala pa fulashipo anakana kutseguka, anakananso kufufutika. Ndinkaopa kuti zithunzi zake ali wakhanda zapita zonse.

"Khala pansi, make Kundai, ungandigwetsere mwana!" anatero akuseka.

Maso anga sanachoke pa zala zawo. Anapeza kuti pulogalamu yokopera mafayilo ya mu laputopu imadzuka yokha n'kugwira mafayilowo, poyesa kuti ntchito ikadalipo. Anaitseka.

"Tifufute, anti?"

"Iwe! Taona kaye."

Anatsegula foda ya zithunzi ya mu laputopu. Maiwe, Kundai uyo, wofiira, atakwinya nkhope! Ndinakuwa mpaka wogulitsa tomato panja anasuzumira. Anti anakopera zonse mwatsopano, kenako anandipatsa mausi kuti zowonongekazo ndifufute ndekha. Ndinadina kamodzi, zowonongeka zonse n'kuchoka.